MANKHWALA A STEROID M'DISO LOPSA: NTHAWI NDIYO MWINI NKHANI

Amisiri omanga nyumba, opaka laimu ndi okonza mabatire a galimoto amagwira nchito pafupi ndi ngozi tsiku lililonse. Simenti, laimu ndi soda wopangira sopo zikagwera m'diso zimaononga koposa asidi wa m'batire, cifukwa zimalowerera mkati mwa diso msanga.

Mbali imene imayamba kupsa ndi kakhungu koonekera ngati galasi ka kutsogolo kwa diso, kamene madotolo amakacha cornea. Kucindikala kwake ndi theka la milimita cabe. Kakacita cipsera, munthu amaona ngati ali m'nkhungu. Kakabooka, diso lingatayike.

Thandizo loyamba ndi madzi. Tsukani disolo nthawi yomweyo ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 30, zikope zili zotsegula, ndipo mukatero thamangirani kucipatala.

Kumeneko dotolo angapereke mankhwala odontheza a steroid, monga prednisolone kapena dexamethasone. M'masiku 7 mpaka 10 oyamba mankhwalawa amacepetsa kutupa, ndi kuletsa maselo oyera a m'magazi kuunjikana pabala. Maselowa akaculuka amatulutsa mphamvu zosungunula collagen, ulusi umene umalimbitsa cornea.

Koma ikafika sabata yaciwiri zinthu zimatembenuka. Apa diso limafunika kupanga collagen watsopano, ndipo steroid amacedwetsa nchitoyi. Ngati bala silinatsekeke, ulusi wakale umapitiriza kusungunuka pamene watsopano sukubwera, motero cornea imapyapyala kufikira kubooka. Mu 1978 akatswiri a ku America anaonetsa zimenezi pa akalulu: steroid wa m'sabata yoyamba sanakulitse zilonda, koma wa m'sabata yaciwiri ndi yacitatu anazikulitsa.

Ndiye cifukwa cake madotolo amacepetsa mankhwalawa pang'onopang'ono pofika masiku 10 mpaka 14. Pa zilonda zazikulu amaonjezerapo vitamini C, wothandiza kupanga collagen, ndi doxycycline, woletsa kusungunuka kwake.

Odwala ena akaona kuti kufiira kwa diso kwatha, amasunga kabotolo kaja ndi kupitiriza kudontheza okha, kapena kugawirako anzao. Ici ncoopsa. Steroid wa nthawi yaitali angakweze mphamvu ya madzi a m'diso ndi kuononga mtsempha woonera, angabweretse ng'ala, ndiponso angakulitse matenda a tizilombo.

Bwererani kucipatala pa tsiku limene dotolo wakuuzani, ngakhale diso litaleka kuwawa. Ndipo inu a kapitao, musalole munthu kusakaniza simenti kapena laimu popanda magalasi oteteza maso.