Mwana Ali ku Koleji: Kodi Msonkho Wanu Ungatsike?

Kuphunzitsa mwana ku koleji si masewera. Kholo la ku Nsadzo limatumiza ndalama ku Tete mwezi ndi mwezi: za sukulu, za cipinda, za cakudya. Ndiye ena amafunsa kuti, kodi boma limadziwa kuti mwana wamkuluyu ndikumusamalirabe ndine? Inde, lamulo limadziwa, koma limafuna kuti inuyo munene.

Msonkho wake ndi uti?

Ku Mozambique, anthu olembedwa nchito amadulidwa msonkho wochedwa IRPS. Aphunzitsi, anamwino, ogwira nchito pa malire a Cassacatiza ndi a ku migodi ya malasha ku Moatize, amadulidwa malipiro asanafike m'manja ngati malipirowo afika pa mlingo wodulidwa msonkho. Lamulo lake ndi la mu 2007, ndipo linakonzedwanso mu 2013. Limati amene akusamalira ana adulidwe mocepera kusiyana ndi amene alibe womusamalira. Munthu wosamalidwayo pa Cipwitikizi amati dependente. Gwirani mawu amenewa, cifukwa ndi amene mukawaone pa pepala.

Mwana wamkulu amawerengedwa liti?

Mwana wamng'ono amawerengedwa popanda vuto. Koma akakula, pali zinthu zitatu. Coyamba, asapitirire zaka 25. Caciwiri, akhale kuti m'caka cimeneco anali pa sukulu: kalasi ya 11 kapena ya 12, sukulu ya luso ya pakati, kapena sukulu yapamwamba monga ISPT ya ku Tete kapena UniZambeze. Amene ali ku usilikali wokakamiza nayenso amawerengedwa. Cacitatu, asamalandire ndalama zake zopitirira malire amene lamulo linaika. Ngati wapeza nchito ya malipiro abwino, ndiye kuti waima payekha.

Mwana mmodzi sawerengedwa m'mabanja awiri. Ngati bambo ndi mayi analekana, agwirizane kuti amulemba ndani.

Nanga mwana wa mlongo wanga?

Apa ndi pamene ambiri amakhumudwa. Kwathu kuno malume ndi kholo. Mwana wa mlongo wanu akakhoza mayeso, banja lonse limayang'ana kwa inu. Mungagulitse ng'ombe kapena fodya wa caka conse kuti mwanayo aphunzire. Koma lamulo la msonkho siliwerenga cibale monga timawerengera ife. Kwa ophunzira akuluakulu, limachula mwana wobereka, mwana womupeza, ndi mwana amene khoti linakupatsani kuti akhale wanu. Mwana wa mlongo wanu amene ali ku koleji salowamo, ngakhale muzilipira zonse ndinu. Musamulembe ngati wanu wobereka. Kulemba zabodza pa pepala la msonkho ndi mlandu.

Phindu lake ndi lotani?

Tinene zoona, si ndalama zambiri. Malinga ndi ndondomeko imene inayamba mu 2014, wosamalidwa mmodzi amatsitsa msonkho ndi meticais 600 pa caka. Awiri ndi 900, atatu ndi 1,200, ndipo anayi kapena kuposa ndi 1,800. Tiyerekeze mphunzitsi amene ali ndi ana atatu aang'ono ndi mmodzi ku koleji. Akaiwala kulemba wa ku kolejiyo, amataya meticais 50 mwezi uliwonse. Pa zaka zinayi za maphunziro, ndi meticais 2,400. Imeneyo ndi ndalama ya makope ndi sopo wa mwanayo. Mphwanga, yoceperayo ndi yanu ndithu, musaisiye.

Dziwaninso ici. Pa ndondomeko yomweyo, amene amalandira zosafika meticais 20,250 pa mwezi sadulidwa IRPS. Ngati simudulidwa, palibe coti citsike, ndipo boma silikupatsani ndalama cifukwa coti mwana ali ku koleji. Wina akabwera kumudzi n'kunena kuti mumupatse kangacepe kuti akutengereni ndalama za ana ku msonkho, ameneyo ndi wakuba.

Mucite ciani?

Pitani kwa amene amakonza malipiro ku nchito kwanu, mupemphe pepala lochedwa Modelo 11. Pamenepo ndi polemba anthu amene mukuwasamalira. Tengani ciphaso ca mwanayo ndi kalata ya ku sukulu yosonyeza kuti analembetsa caka cimeneco. Mwanayo akhalenso ndi NUIT, nambala ya msonkho ya manambala 9. Imaperekedwa ndi Autoridade Tributária, ndipo salipiritsa.

Zinthu zikasintha, kaneneni msanga. Mwana akamaliza sukulu, akasiya, kapena akapitirira zaka 25, acotsedwe pa pepala. Wina akabadwa, awonjezedwe.

Malamulo a msonkho amasintha nthawi zina, conco funsani ku nchito kwanu ziwerengero za caka cino. Mwezi uno mukalandira pepala la malipiro, musangolipinda n'kuika m'thumba. Liwerengeni bwino, mupeze mawu akuti IRPS, kenako mufunse kuti anakulemberani ana angati.