Kumwetsa Mphaka Mankhwala a Njoka za M'mimba

Ku Chama mabanja ambili amaweta amphaka kuti azigwila makoswe. Koma mphaka wodya makoswe amatenga njoka za m'mimba, ndipo mazila a njokazo amatsala m'dothi limene ana amaseŵelelapo. Mwana akadya osasamba m'manja angathe kudwala.

Mphaka akamukakamiza kumeza pilitsi amakanda ndi kuluma, ndipo bala lotelo lingabweletse ciwewe. Njila yabwino ndi kubisa pilitsi m'kacidutswa ka nsomba yophika, mphakayo ali ndi njala. Ayambe wadya kacidutswa kopanda kanthu, kenaka kamankhwala. Mwini wake ayang'anitsitse, pakuti amphaka ena ocenjela amakalavulila kuseli kwa citseko.

Mankhwalawo acokele ku ofesi ya zoweta. Panadol amapha mphaka, ngakhale pilitsi limodzi lokha.