Mau, Mapale ndi Majini: Phunziro kwa Ofufuza Acinyamata

Funso lakuti zinenero za Cibantu zinafalikira bwanji silinayankhidwe ndi akatswiri a zinenero okha. Mu 1962 Malcolm Guthrie, atafananiza mizu ya mau, anati zinenerozi zinamwazika kucokera ku Katanga. Joseph Greenberg analoza kumalire a Nigeria ndi Cameroon, ndipo ambiri lero abvomerezana naye. Komabe mizu ya mau siichula caka. Zaka zinadza ndi ofukula zakale, monga David Phillipson, amene anakumba ku Makwe ndi ku Kamnama, kum'mawa kwa Zambia, kumene makala opezeka pamodzi ndi mapale anapimidwa zaka zake. Mu 2017 ofufuza za majini anaonjezera umboni wakuti anthuwo anayamba adutsa nkhalango ya Congo, nagawikana pambuyo pake.

Ife aphunzitsi tiyenera kucenjeza ophunzira athu za msampha umodzi. Phale silinena cinenero ca amene analiumba, ndipo ganizo lobwereka kwa mnzathu silisanduka umboni cifukwa cakuti ligwirizana ndi lathu. Motero wofufuza wacinyamata akapita kwa wofukula zakale, asangotenga yankho. Afunse mmene linapezekera, nayenso aonetse pamene njira yake iperewera.