PAIPI YOCOTSA MADZI PA DAMU IFUNA KUISAMALIRA

Mvula ya Januwale ndi Febuluwale ndiyo imayesa mphamvu ya madamu ang'ono-ang'ono ndi maiwe a nsomba m'Cigawo ca Kum'mawa. Madzi akasefukira pamwamba pa cipupa ca dothi amacikokolola, ndipo usiku umodzi wokha nsomba, pamodzi ndi madzi amene ng'ombe zikanamwa m'cilimwe, zimathera kudambo. Njira ina yopewera ngozi yotere ndiyo paipi yokhota imene akatswiri amaicha saifoni.

Paipi imeneyi imayambira pansi m'dziwe, nikwera kupyola cipupa, nikatsikira kunja pamalo otsika kuposa madzi a m'dziwemo. Mpweya ukatha m'kati mwake, madzi otsikira kunja amakoka anzao mwamphamvu. Pokhotera pake payenera kukhala pa muyeso umene mufuna kuti madzi azikhalapo, kuti akangokwera pang'ono iyambe yokha.

Koma nkhani yagona pa kapaipi kakang'ono kocokera pokhotera paja, kamene kamwa yake imaloza pansi m'dziwe. Madzi akameza kamwa imeneyi, mpweya sulowanso ndipo saifoni imagwira nchito. Akatsika, mpweya umalowa, iyo niima. Mlimi wofuna kusunga madzi ambiri afupikitse kapaipika. Wofuna kuti atsike kwambiri akatalikitse. Ciopsezo n'cakuti udzu kapena matope zikakatseka, kapena kakacepetsa, saifoni siima, ndipo ingaphwetse dziwe lonse mwini wake ali m'tulo. Kayang'aneni mvula isanayambe mu Novembala.

Saifoni ikamakana kuyamba, kawiri-kawiri mpweya ukulowera polumikizira mapaipi kapena kothera. Matani polumikizira ponse, ndipo kothera kumire m'kadzenje ka madzi kozingidwa ndi miyala kuti dothi lisakokoloke. Kolowera madzi ikani sefa ya waya yotsekereza nsomba ndi zinyalala. Ubwino wina ndi wakuti paipi imacotsa madzi a pansi, osowa mpweya wabwino, nisiyira nsomba a pamwamba.

Dziwaninso kuti saifoni siingakweze madzi kupyola mamita 10 ngakhale m'mbali mwa nyanja yamcere. Kuno kumtunda, monga ku Chipata, muyeso wake ndi wocepera pamenepo. Ndipo musakwirire ngalande ya udzu ya pambali pa damu poganiza kuti paipi yakwanira, cifukwa madzi a mvula yamkuntho paipi imodzi siingawathe.