Tapsilog: Kadzutsa wa Anthu a ku Philippines

Kum'mawa kwa Asia, m'mphepete mwa nyanja yaikulu ya Pacific, kuli dziko la Philippines, la zilumba zoposa 7,000. Anthu akumeneko chakudya chawo ndi mpunga: m'mawa mpunga, masana mpunga, madzulo mpunga. Mwa zakudya zawo zam'mawa, chodziwika kwambiri ndi chimene amachitcha tapsilog, ndicho mbale ya nyama, mpunga wokazinga ndi dzira.

Dzinali analiumba podula zigawo za mawu atatu a chinenero cha Tagalog. Tapa ndiyo nyama yofutsa, sinangag ndiwo mpunga wokazinga ndi adyo, ndipo itlog ndilo dzira. Dzina lidafala m'nyumba zodyera za mumzinda wa Manila m'zaka za m'ma 1980, koma chakudya chenichenicho nchakale kwambiri. Chidabadwa chifukwa cha vuto limene mayi aliyense wa m'dziko lotentha amalidziwa: chakudya chosungidwa popanda filiji sichichedwa kuwonongeka.

Nyama ndiyo inali yovuta koposa. Makolo a ku Philippines akapha ng'ombe, nguluwe kapena gwape, ankaileza nyamayo mopyapyala, kuithira mchere wambiri ndi kuiyanika padzuwa kufikira itauma gwa. Mchere ndi dzuwa zimachotsa madzi m'nyama, ndipo tizilombo toolesa sititha kuswana pouma. Tapa yoyambirira inali imeneyo. Lero ophika ambiri sayanikanso. Amangoviika nyamayo usiku wonse mu msuzi wakuda wamchere wopangidwa ndi soya, kuthiramo adyo, tsabola, shuga pang'ono ndi madzi a timandimu tawo totchedwa calamansi, kukacha nkuikazinga m'chiwaya.

Alendo amene adalamulira zilumbazi adasiyamonso zawo m'mbalemo. Asipanishi, amene adakhalako kuyambira 1565 mpaka 1898, adasiya mawu akuti tocino, nyama ya nkhumba yosungidwa, imene eni dziko adaisandutsa yotsekemera ndi yofiira. Chigawo cha Pampanga, kumpoto kwa Manila, ndicho chimatamandidwa pa tocino, ndipo kumeneko amakonzanso nyama ya njati yoweta, kuisiya masiku angapo kuti iwawase pang'ono. Adasiyanso soseji yotchedwa longganisa. Ya mumzinda wa Vigan imadziwika ndi adyo ndi viniga wake. Aamereka, amene adalowa m'malo mwawo mpaka 1946, adazoloweretsa anthu nyama zam'chitini. Motero maina adachuluka: tocilog, longsilog, ngakhale spamsilog ya nyama yam'chitini ya Spam. Ndiwo zimasintha, koma mpunga ndi dzira sizichoka.

Luso lenileni lili pa mpunga. Sinangag saphikira mpunga watsopano ayi. Amafuna mkute, wotsala dzulo madzulo. Mpunga wongophula kumene ngwonyowa, ndipo ukagwa m'mafuta umamatana nkukhala ngati phala. Wogonera umakhala utauma pang'ono, ndipo mayi amaufikisa ndi zala kuti njere iliyonse ikhale payokha. Amayamba wakazinga adyo wosinja kufikira atafiira, osapserera, chifukwa adyo wopserera amawawa. Kenaka amathira mpunga ndi mchere, kawirikawiri m'chiwaya chomwecho chimene munali nyama, kuti mafuta ake asapite pachabe. Chimene ena akadataya ndicho chimadzutsa anthu m'nyumba ndi fungo lake.

Dzira lokha ndilo chatsopano m'mbalemo. Amalikazinga mbali imodzi osalitembenuza, kuti chachikasu chake chikhale chamadzimadzi. Wakudya amachiboola nkuchisakaniza ndi mpunga, ndipo chimalowa m'malo mwa msuzi. Pambali pamakhala kambale ka viniga wa kokonati kapena wa nzimbe, woviikamo nyama pochepetsa kukoma kwa mafuta, ndiponso atchara, ndiye achali wa papaya losapsa.

Omvera amene angafune kuyesa kuphika chakudyachi asamale zinthu ziwiri. Tapa ya masiku ano, yongoviika mu msuzi, si nyama yofutsa kwenikweni. Ikakhala pofunda imaola monga nyama ina iliyonse. Chachiwiri nchoopsa koposa chifukwa sichioneka ndi maso. Mumpunga mumakhala tizilombo totchedwa Bacillus cereus, timene mbewu zake sizifa pophika. Mpunga wophika ukakhala nthawi yaitali pofunda, timaswana ndi kutulutsa ululu wosanzitsa, ndipo ululuwo sutha ngakhale mpungawo aukazinge bwanji. Mkute wa mpunga uyenera kuyalidwa kuti uzizire msanga, kusungidwa m'filiji ndi kudyedwa mawa lake. Kumene kulibe pozizira posungira, nkwabwino kuphika mpunga ndi madzi ochepa m'mawa momwemo, kuuyala pambale yaikulu kuti nthunzi ituluke, ndi kuukazinga ukangozizira.

Ku Manila chakudyachi chidapitirira malire a kadzutsa. Tinyumba togulitsira, totchedwa tapsihan, tambiri timatsegula usana ndi usiku. Madalaivala a magalimoto onyamula anthu otchedwa jeepney amadya pamenepo, ophunzira a ndalama zochepa amadya pamenepo. Ndipo popeza achinyamata ambiri a mumzindawo amagwira ntchito usiku, kuyankha matelefoni a makampani a ku America nthawi imene kumeneko kuli masana, mbale yomweyo imakhala kadzutsa kwa amene akupita kuntchito ndi mgonero kwa amene akuweruka mbandakucha.