Kamwala Kotseka Njira ya Mkodzo

M'mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa likuswa mtengo pa magalaja ndi masitolo a ku Area 4, ndipo amakaniko, owotcherera zitsulo ndi onyamula katundu akukhetsa thukuta tsiku lathunthu osakumbuka kumwa madzi, mkodzo umachepa nufiira, ndipo michere ya m'thupi, makamaka calcium ndi oxalate, imaundana mu impso kufikira itabala kamwala. Kakakhala phee m'menemo, mwini wake sadziwa kanthu. Tsoka limadza tsiku limene katsika nikakakamira m'kanjira kochokera ku impso kunka kuchikhodzodzo, kamene kutalika kwake ndi masentimita 25 kufikira 30, koma m'mimba mwake mamilimita 3 kapena 4 okha.

Pamenepo munthu amagwidwa ndi ululu wa m'nthiti wotsikira kuchinena, nabuula, nasanza, nasowa pogonera, mwinanso nakodza magazi; ndipo popeza kwathu kuno magazi mumkodzo timathamangira kunena kuti ndi likodzo, ambiri amataya masabata akumwa mankhwala osayenera. Kamwala kosaposa mamilimita 5 kawirikawiri kamatuluka kokha. Kokulirapo kamatha kutsekereza mkodzo, impso nitupa, ndipo ikakhala yotero nthawi yaitali imafa mwakachetechete.

Makolo athu ankachita kung'ambidwa pambali kuti mwala uchotsedwe. Koma kuyambira 1980, pamene dotolo wa ku Madrid, Enrique Pérez-Castro, anaonetsa chida chounikira m'kanjiraka, ndiponso m'zaka za m'ma 1990, pamene laser ya holmium inalowa m'zipatala, mpeni unayamba kupuma. Wodwala amagonetsedwa ndi mankhwala. Dotolo amalowetsa kapaipi koonda, kokhala ndi nyali ndi kamera kunsonga, kudzera pa njira yachibadwa yokodzera, nakwera nako pang'onopang'ono akuyang'ana pa sikirini, kufikira kamwalako kaonekera, kabulauni, kokhakhala ngati njere ya therere. Apo amakakhudza ndi kaulusi kagalasi kosakwana milimita imodzi m'mimba mwake, naponda chopondera, ndipo kuwala kwa laser kumakaswa mobwerezabwereza mpaka kasanduke fumbi. Zidutswa zotsala amazikoka ndi kadengu kawaya. Pomaliza amasiyamo kapaipi kofewa kotchedwa stent kuti mkodzo uyende pamene kanjirako kakuphwa, ndipo ambiri amabwerera kwawo tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Pali chimodzi chimene ndichinena motsindika: stent si yokhalitsa. Oiiwala m'thupi kwa miyezi yambiri amaipeza itamera miyala ina, vuto lachiwiri niliposa loyamba.

Zida zimenezi n'zokwera mtengo, ndipo madokotala odziwa za njira ya mkodzo ndi owerengeka m'dziko muno, kotero wodwala asazengereze kukaunikidwa, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ululu wotere ukadza pamodzi ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera, ndiye kuti tizilombo talowa mu impso yotsekedwayo, ndipo m'bale wotereyo muthamangire naye ku Kamuzu Central Hospital usiku womwewo.