Amagololo a kwa Makhuwira: Dzina Limayenda Bwanji?

Tikamva dzina lakuti Makhuwira, ambiri timangoganiza za dera la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, m'munsi mwa mapiri a Thyolo, m'boma la Chikwawa. Koma dzinali ndi la ufumu, ndipo mizu ya ufumuwu, pamodzi ndi wa Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima, ili mwa alendo otchedwa Amagololo.

Amagololo anali anthu olankhula Chisutu amene Sebetwane anawatsogolera pothawa nkhondo kum'mwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1820, mpaka anakakhazikika kumtunda kwa Zambezi. M'chaka cha 1855 mwana wake, Sekeletu, anapatsa David Livingstone amtengatenga omuperekeza ku Tete. Livingstone atawabwezera kwawo mu 1860, amuna osakwana 20 anabwera naye ku Shire, nakhala pafupi ndi mudzi wa Chibisa. Ambiri mwa iwo sanali Amagololo enieni, koma anthu a mitundu imene Amagololo anaigonjetsa.

Anafika pa nthawi yoopsa. Njala ya 1862 ndi 1863 komanso nkhondo zogwira akapolo zinali zitabalalitsa Amang'anja. Popeza alendowa anali ndi mfuti, othawa ankabisala kwa iwo, ndipo posakhalitsa mphamvu zawo zinaposa za Lundu, mwini dziko.

Maina awo amatiuza zambiri. Kasisi woyamba ankadziwikanso kuti Ramakukan, ndipo m'Chisutu "Ra" ndiye kuti "bambo wake wa". Komabe amunawa anakwatira akazi Achimang'anja, ana awo anayamwa chilankhulo cha amayi awo, ndipo Chisutu chinazilala.

Tsono dzina limayenda chonchi: limayamba ndi munthu, wolowa ufumu amalidya, kenako limakhala la mudzi kapena dera. Sukulu, mipingo ndi akaundula a msonkho zitayamba kufuna dzina lachiwiri, ena analembetsa la bambo, ena la agogo, ena la mfumu imene inawalandira. N'chifukwa chake kufanana dzina sikutanthauza kufanana magazi, ndipo amene amafunafuna mbumba yake potsata dzina lokha amasochera. Kwa Amang'anja, mtundu umatsata kuchikazi, kumene dzina la pa chiphaso silifikako.

Patchuthi chikubwerachi tiyeni tikhale pansi ndi agogo, tiwafunse za mbali zonse ziwiri: anabadwira kuti, amalume awo anali yani, dzina lathu analiyamba ndani. Zimene atiuze tizilembe adakali moyo.